Maulendo 30 a usiku: moyo wa anyamata amene ankaponya mabomba ku Germany

M'zaka za nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, dzira linali chinthu chosowa ku Britain. Boma linkagawa chakudya mwa muyezo, ndipo munthu wamkulu ankaloledwa dzira limodzi pa sabata, likapezeka. Koma panali anyamata ena amene ankapatsidwa dzira lokazinga ndi nyama ya nkhumba madzulo, n'kudzapatsidwanso lina kum'bandakucha. Amenewa anali a Bomber Command, nthambi ya asilikali a m'mlengalenga a Britain imene ntchito yake inali kukaponya mabomba ku Germany. Dzira la madzulo aliyense ankadya. La m'mawa linali la okhawo amene abwerako, moti nthabwala ya pa tebulo inali yomupempheratu mnzako kuti akakatsakamira kumeneko, dzira lake udye ndiwe.

Nthabwalayi inali ndi pogwira. Mwa amuna pafupifupi 125,000 amene anauluka ndi Bomber Command, 55,573 anafa, kutanthauza 44 mwa 100 alionse. Enanso pafupifupi 10,000 anathera m'misasa ya akaidi. Ambiri anali a zaka zongopitirira 20, ndipo wa zaka 30 anzake ankamutcha agogo. Onsewa anachita kudzipereka okha, palibe amene anakokeredwa m'ndege. Pansi, kumene mabombawo ankagwera, anthu oposa 350,000 a ku Germany anafa ndi mabomba a Britain ndi America, ambiri mwa iwo amayi, ana ndi nkhalamba. Ziwerengero ziwirizi anthu amakonda kuzikamba padera, aliyense n'kutola imene ikumukomera. Koma zonse zinachokera pa vuto limodzi, la mdima.

Maganizo omenya anthu ndi mabomba kuchokera m'ndege anayesedwa koyamba kuno ku Africa. Pa 1 Novembala 1911, msilikali wa Italy, Giulio Gavotti, anaponya ndi manja timabomba tinayi kuchokera m'kandege kake ku Libya. Mu 1920 Angerezi anagwiritsa ntchito ndege pogonjetsa Mohammed Abdullah Hassan ku Somaliland, kenako anaona kuti ndi njira yotchipa yoopsezera midzi yosamvera ku Iraq. Italy inathira poizoni kuchokera m'ndege ku Ethiopia mu 1935 ndi 1936. Pamene Ajeremani ankaphwasula Guernica ku Spain mu 1937 ndi Warsaw ku Poland mu 1939, akuluakulu a nkhondo ambiri anali atakhulupirira kale zinthu ziwiri: kuti ndege yonyamula mabomba palibe angaitchinge, ndiponso kuti mzinda ukaphwanyidwa mokwanira, eni ake adzakakamiza boma lawo kugonja.

Choyambacho chinagwa msanga. Pa 18 Disembala 1939, ndege 22 za mtundu wa Wellington zinapita masanasana, kumwamba kuli mbee, kukasaka sitima zankhondo kufupi ndi doko la ku Germany la Wilhelmshaven. Makina a radar anaziona zikubwera, ndege zing'onozing'ono zaliwiro zosaka zinzake zinazipeza, ndipo 12 zinagwetsedwa. Angerezi anaona kuti masana ndi imfa, choncho anasamukira usiku.

Kuipa kwa usiku n'kwakuti mdani sakuona, koma iwenso suona. Wolondolera njira anali ndi mapu, wotchi, kampasi, ndi nyenyezi ngati kulibe mitambo. Mphepo ikasiyana pang'ono ndi imene a zanyengo analosera, ndege inkapatuka makilomita ambirimbiri popanda wozindikira, ndipo pansi mizinda yonse inkakhala itazimitsa nyale, kuli bii. Anyamata ankabwerako n'kunena kuti alasa fakitale, ndipo ankanena ndi mtima woona. Mu Ogasiti 1941, David Bensusan-Butt anaunika zithunzi zoposa 600 zimene makamera a m'ndege anajambula mabomba akugwa. Anapeza kuti mwa ndege zimene zinati zafika pamalo ake, imodzi yokha mwa zitatu ndi imene inafikadi mkati mwa makilomita 8. M'chigwa cha Ruhr, kumene kunali mafakitale ambiri ndi utsi wosatha, inali imodzi mwa khumi. Anthu ankafa kuti akakumbe maenje m'minda ya alimi.

Boma la Winston Churchill likanatha kuisiya njirayi, koma linalibe chida china. Asilikali ake a pansi anali atathamangitsidwa ku Dunkirk, ku France, mu 1940, mabomba a Germany anali atapha anthu pafupifupi 43,000 ku London, Coventry ndi mizinda ina, ndipo Stalin, mtsogoleri wa Russia, ankafunsa mosalekeza kuti anzake akuthandiza chiyani pamene Russia ikukhetsa magazi. Pa 14 Febuluwale 1942 kunatuluka lamulo latsopano, loti cholinga chachikulu tsopano chikhale kufooketsa mitima ya anthu wamba, makamaka ogwira ntchito m'mafakitale. M'mawu osabisa: ngati sungathe kulasa fakitale, wotcha mzinda umene fakitaleyo ili. Mlangizi wa Churchill pa za sayansi, Lord Cherwell, analemba kalata yowerengera nyumba zimene ndege iliyonse ingagwetse isanagwetsedwe yokha. Mawu amene anasankha anali ofatsa, okamba za kusowetsa anthu pokhala, ngati kuti nyumba zimapsa zopanda anthu.

Patangopita masiku 8, Arthur Harris anakhala mkulu wa Bomber Command. Dzina lake ndi limene linakakamira pa nkhaniyi mpaka lero, ngakhale lamulolo analipeza litalembedwa kale. Harris sanali mlendo ku chigawo chathu chino. Anapita ku Southern Rhodesia mu 1910 ali ndi zaka 17, anayang'anira famu kufupi ndi Mazowe, ndipo nkhondo yoyamba itabuka analowa usilikali monga woliza lipenga. Pambuyo pake anatsogolera gulu la ndege ku Iraq. Anali munthu wosabisa mawu, wokhulupirira ndi mtima wonse kuti kutentha mizinda kokha kungathetse nkhondo. Nyuzipepala zinkamutcha Bomber Harris. Anyamata ake ankamutcha Butch, kufupikitsa mawu otanthauza wopha nyama, ndipo nyama zimene ankanenazo sanali Ajeremani ayi.

Usiku wa pa 30 Meyi 1942 anasonkhanitsa ndege 1,047, kuphatikizapo za m'masukulu ophunzitsira, n'kuzitumiza ku Cologne. Zinayenda mumtsinje umodzi wautali, zonse njira imodzi, zopanda nyale, kuti zichulukire adani. Pang'onopang'ono kunabwera zipangizo za wailesi ndi radar zothandiza kupeza njira, Gee, Oboe ndi H2S, komanso gulu la akatswiri lotchedwa Pathfinder, limene linkatsogola kukaponya miyuni yofiira ndi yobiriwira kuti a m'mbuyo azingolunjika pamenepo. Katundu wake anali wosakaniza mwadala. Bomba lalikulu la makilogalamu 1,800 linkasasula madenga ndi kuswa mawindo, kenako timabomba toyaka tambirimbiri, kalikonse kosakwana makilogalamu 2, tinkagwera m'nyumba zotsegukazo.

Oyendetsa ndegezi sankaphunzirira ku Britain kokha, chifukwa kumeneko kumwamba kunali mitambo ndi adani. Ambiri anatumizidwa ku Canada, ena ku South Africa, ndipo pafupifupi 10,000 anaphunzira ku Southern Rhodesia, m'mabwalo a ndege a ku Salisbury, Bulawayo ndi Gwelo, amene lero ndi Harare, Bulawayo ndi Gweru. Gulu loyamba kulandira ndege yotchuka ya Lancaster linali la nambala 44, lotchedwa Rhodesia, ndipo chizindikiro chake chinali njovu yotengedwa pa chidindo cha mfumu Lobengula. Pa 17 Epulo 1942 ndege 6 za gululi, motsogozedwa ndi John Nettleton wa ku Natal, zinatumizidwa masana kukaphwanya fakitale ya injini ku Augsburg. Inabwerako imodzi, ya Nettleton yemweyo, ndipo iyenso anadzafa chaka chotsatira. Agogo athu a gulu la asilikali la KAR (King's African Rifles) anamenya nkhondo yomweyi ndi mapazi ku Ethiopia, Madagascar ndi Burma, koma akuda ena ochepa analowa m'ndegezi. Johnny Smythe wa ku Freetown, ku Sierra Leone, anali wolondolera njira, anagwetsedwa mu Novembala 1943 n'kukhala mkaidi mpaka nkhondo itatha. Ulric Cross wa ku Trinidad anayenda maulendo 80, ndipo pambuyo pake anadzakhala woweruza milandu ku Tanzania.

Njira yopangira magulu inali yodabwitsa kwa asilikali, amene chilichonse amachita kuuzidwa. Anyamata mazana ankawalowetsa m'chishedi cha ndege n'kuwauza kuti asankhane okha. Woyendetsa ankazungulira kufunafuna wolondolera njira wooneka wodekha, wowombera mfuti ankayang'ana woyendetsa wosaoneka wamatama. Ankasankhana ndi maso, ndi kuseka, ndi ndudu, ndipo chisankho cha mphindi zochepacho ndicho chinkanena amene udzafe naye. M'ndege ya Lancaster munkakhala anthu 7: woyendetsa, injiniya woyang'anira injini zinayi ndi mafuta, wolondolera njira, wolunjikitsa mabomba, wa wailesi, wowombera wa pamsana ndi wowombera wa kumchira. Woyendetsa ndiye anali mwini mawu m'mwamba ngakhale atakhala sajeni ndipo mnzake ali ndi udindo woposa wake. Koma akatera, akuluakulu ankakadyera kwaokha, masajeni kwaokha. Britain ya nthawi imeneyo sinkaiwala za maudindo ngakhale pakhomo pa manda.

Tsiku la ulendo linkayamba ndi mndandanda wa mayina pa bolodi. Bwalo linkatsekedwa, matelefoni n'kudulidwa. Palibe ankadziwa kopita, koma amakaniki ankanong'oneza: akauzidwa kudzaza matanki onse n'kuchepetsa mabomba, ndiye kuti ndi kutali. Masana onse ankasonkhana m'chipinda chokhala ndi mlonda pakhomo, ndipo mkulu ankakoka nsalu yophimba mapu. Riboni yofiira inkachoka ku England, kudutsa nyanja, n'kukathera pa mzinda. Ikathera ku Berlin, ulendo wa maola 7 kapena 8, m'chipindamo munkamveka kubuula. Ikathera ku Essen, mkati mwa Ruhr, ena ankaseka, chifukwa dera lodzaza mizingali analipatsa dzina lachipongwe loti Happy Valley, chigwa cha chisangalalo. Kenako dzira lija, kukhuthula m'matumba chilichonse chimene chingaulule kochokera, kulandira parachuti kwa atsikana a WAAF, nthambi ya akazi ya asilikali a m'mlengalenga, amene ankazipinda, ndi kukwera lole yopita ku ndege. Ambiri ankasiya kalata pa bedi.

Pamtunda wa mamita 6,000 kunkazizira mpaka madigiri 40 pansi pa ziro. Amene ankaona zakuda kwambiri anali wa kumchira. Ankakhala yekhayekha m'kachipinda ka galasi, mawondo atapinda, moti sankatha kuvala parachuti, ankaikoloweka kuseri kwa chitseko, m'kati mwa ndege. Ambiri ankachotsa galasi la patsogolo pawo kuti aziona bwino, n'kumapirira mphepoyo usiku wonse atavala zovala zotenthetsa ndi magetsi zimene nthawi zina zinkawotcha phazi limodzi lina likuuma. Malovu ankauma m'paipi ya mpweya wopuma, ndipo ankayenera kumaifinya kuti isatseke. Ntchito yake yeniyeni sinali kuwombera, chifukwa mfuti zake zinali zofooka poyerekeza ndi za adani. Inali kupenya mumdima kwa maola, ndipo akaona kachithunzithunzi, kukuwa kuti woyendetsa agwetse ndege cham'mbali, aikweze, aigwetsenso mbali ina, ikuzungulira ngati chotsegulira botolo. Ndege ya matani 30 ikamachita zimenezi, mapensulo a wolondolera njira ankauluka, anthu n'kumasanza, chimbudzi cha ndowa cha kumbuyo n'kutayikira.

Ajeremani sanagone. Anamanga mzere wa masiteshoni a radar kuchokera ku Denmark mpaka ku France, ndipo mizinda anaizinga ndi mizinga ndi nyali zamphamvu zounikira kumwamba. Nyali imodzi ikakugwira, zinzake zinkathamangira pomwepo, ndege n'kukhala mbee pakati pa kuwala, mizinga yonse ikuloza iwe. Kuyambira 1943 ambiri mwa othandiza pa mizingayo anali ana asukulu a zaka 15 ndi 16. Choopsa koposa chinabwera chaka chomwecho. Lancaster inalibe mfuti kapena diso la kumimba, ndipo Ajeremani anaika mizinga iwiri yoloza m'mwamba pamsana pa ndege zawo zosaka. Woyendetsa ankalowa pansi mwakachetechete n'kuwombera matanki a mafuta a m'phiko. Anzawo ankangoona ndege ikuphulika popanda chipolopolo chooneka, ndipo kunafala mphekesera yoti ndi mabomba oopsezera chabe, opangidwa kuti azioneka ngati ndege yaphulika. Nkhondo itatha kunadziwika kuti Germany inalibe chida chotero. Zinali ndege zenizeni, za anzawo.

Tsopano masamu, amene mnyamata aliyense ankawadziwa ngakhale sankawatchula. Kuti upume unkayenera kukwanitsa maulendo 30. Akuluakulu ankaona kuti kutaya ndege 4 kapena 5 mwa 100 pa usiku umodzi n'kopiririka. Zikumveka zochepa. Koma chotsani 5 mwa 100, mawa muchotsenso 5 mwa 100 a otsalawo, mpaka ka 30: otsala ndi 21. Ndipo amene wapulumuka ankakaphunzitsa ena kwa miyezi ingapo, ntchito imene nayonso inali yoopsa, pakuti anthu oposa 8,000 anafa pa ngozi popanda mdani, kenako ankatha kuitanidwanso ku maulendo ena 20. Ulendo wobwerera panjira chifukwa cha injini sunkawerengedwa. Mu 1944 akuluakulu anagamula kuti maulendo a ku France, poti ndi apafupi, atatu aziwerengedwa ngati umodzi. Usiku wa pa 3 Meyi ndege 42 za Lancaster zinagwa ku Mailly-le-Camp, ku France komweko, ndipo lamulolo linachotsedwa.

Freeman Dyson, amene anadzakhala wasayansi wotchuka, panthawiyo anali mnyamata wowerengera ziwerengero ku likulu la Bomber Command. Iye ndi anzake anapeza kuti ndege ya Lancaster ikagwetsedwa, anthu pafupifupi 15 okha mwa 100 ankapulumuka, pamene m'ndege ya Halifax anali pafupifupi 25. Chifukwa chimodzi chinali kachitseko kothawira, kamene kanali kakang'ono kwa munthu wovala zovala zochindikala ndi parachuti pachifuwa. Chinanso chinali chichitsulo cha mapiko chimene chinkadutsa pakati pa ndege, chovuta kuchilumpha ngakhale ndege ili pansi masana. Usiku wa pa 12 Juni 1944, Andrew Mynarski wa ku Canada anali atafika kale pakhomo pa ndege yake yoyaka moto pamene anaona kuti mnzake wa kumchira, Pat Brophy, watsekeredwa. Anakwawa m'mafuta oyaka n'kuyamba kumenya chitsekocho ndi nkhwangwa, kenako ndi manja, mpaka zovala ndi parachuti yake zinagwira moto. Brophy anamukodola kuti azipita. Mynarski anabwerera pakhomo, anaima n'kumuchitira mnzake sailuti, ndipo analumpha akuyaka. Anafa ndi mabala a motowo. Brophy anagwa ndi ndegeyo, anaponyedwa kunja, ndipo anakhala moyo n'kudzafotokoza nkhaniyi.

Chachilendo pa nkhondo imeneyi n'chakuti msilikali ankagona pa bedi. Usiku ali pamwamba pa Berlin, madzulo a mawa lake ali m'bala ku Lincoln, ku England, akuvina ndi atsikana. Ena amati kusinthasintha kumeneku ndiko kunkathyola anthu kuposa mizinga. Ukadzuka unkapeza mabedi 7 atayalulidwa, katundu wa eni ake atalongedzedwa kale kuti atumizidwe kwa makolo, ndipo pofika madzulo pagona anyamata ena ongofika kumene. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. N'chifukwa chake anyamata ophunzira masamu ndi sayansi ankagwira zithumwa: kachidole, sokosi ya chibwenzi, malaya osachapa kuyambira ulendo woyamba, kukodzera tayala la kumchira asanakwere. Mtsikana amene zibwenzi zake ziwiri kapena zitatu zinafa motsatizana ankayamba kupewedwa ngati wa tsoka. Ambiri ankamwa mapiritsi a Benzedrine othawitsa tulo, ndipo ulendo ukalephereka atamwa kale, ankachezera maso ali gwa.

Amene wafika poti sangathenso ankakumana ndi zilembo zitatu, LMF, zotanthauza kuti munthuyo alibe mtima wachamuna. Ankamuchotsa pa bwalo mwamsanga kuti asapatsire anzake, ankamuthothola mizere ya udindo ndi chizindikiro cha mapiko, n'kumutumiza kukagwira ntchito zonyozeka, ku usilikali wa pansi, kapena ku migodi ya malasha. Maganizo a akuluakulu anali akuti wokwatira kwa mphezi saopa kung'anima. Koma ena mwa odindidwa chidindochi anali atayenda kale maulendo 15 kapena 20, ndipo anali atadzipereka okha. Anali ochepa kwambiri. Chimene chinkakweza ambiri m'ndege usiku ndi usiku sichinali Harris kapena mfumu, koma manyazi osiya anzawo 6 aja kuti akayende ndi mlendo.

Pansi zinthu zinafika pachimake ku Hamburg mu Julayi 1943. Usiku woyamba Angerezi anamwaza timapepala ta aluminiyamu tambirimbiri timene tinasokoneza radar, ndipo mwa ndege 791 anataya 12 zokha. Usiku wa pa 27 kunali kotentha ndi kouma, mapaipi a madzi anali atasweka kale, ndipo mabomba anagwa mothinana m'makomboni a anthu ogwira ntchito a Hammerbrook, Hamm ndi Rothenburgsort. Moto wa nyumba zikwizikwi unalumikizana kukhala umodzi. Mpweya wotentha unkakwera m'mwamba, wina n'kumathamangira m'misewu kudzalowa m'malo mwake ndi mphamvu ya namondwe, kuzula mitengo ndi kukokera anthu m'malawi. Phula la m'misewu linasungunuka. Amene anabisala m'zipinda za pansi, monga anawalangizira, ambiri anafa atakhala pamipando, opanda bala, mpweya utatha. Sabata imeneyo inapha anthu pakati pa 34,000 ndi 40,000, ndipo pafupifupi miliyoni anathawa mumzindamo.

Kodi anyamata a m'mwamba ankadziwa? Pa nsalu ija ankauzidwa za mafakitale, madoko ndi njanji, ndipo nduna zinkauza nyumba ya malamulo kuti ndege zikulunjika zida za nkhondo zokha. Harris yekha ndiye ankakwiya ndi bodzali, ankafuna boma linene poyera. Koma wolunjikitsa mabomba ankagona chafufumimba pa galasi n'kumaona mzinda wonse uli psuu, ndipo sanali mwana. Ambiri anali ataona kwawo kukupsa mu 1940, ndipo amene ankaganiza zambiri analibe nthawi yotalika yoganizira. Otsutsa analipo. Bishopu George Bell wa ku Chichester anaima m'nyumba ya malamulo mu Febuluwale 1944 kudzudzula kufafaniza mizinda, koma mawu ake sanabweze ndege ngakhale imodzi.

Harris analonjeza kuti Berlin ikaphwanyika, Germany igonja. Kuyambira Novembala 1943 mpaka Malichi 1944 anataya ndege zoposa 1,000, ndipo Berlin inali chilili. Mapeto ake anali usiku wa pa 30 Malichi, ulendo wa ku Nuremberg. Mitambo imene ankayembekezera kuti iwabise sinabwere, mwezi unawala, ndipo ndege iliyonse inkasiya mzere woyera kumbuyo kwake. Mwa ndege 795, zokwana 95 sizinabwerere, ndipo anthu 545 anafa usiku umodzi. Mzindawo sunawonongeke kwenikweni.

Funso loti zonsezi zinathandiza chiyani lilibe yankho lokomera mbali imodzi. Mitima ya Ajeremani sinasweke mpaka kugalukira Hitler, monga ya Angerezi sinasweke mu 1940, ndipo m'dziko la Gestapo, apolisi achinsinsi a Hitler, munthu wotopa ndi nkhondo akanadandaula kwa yani? Mafakitale, motsogozedwa ndi nduna ya zida za nkhondo, Albert Speer, komanso ndi thukuta la akapolo mamiliyoni, anapanga ndege pafupifupi 15,000 mu 1942 ndi pafupifupi 40,000 mu 1944. Komabe Germany inakakamizika kusunga kwawo anthu pafupifupi miliyoni, mizinga zikwizikwi ndi ndege zake zosaka zambiri, zonse zimene zikanapita kukalimbana ndi Russia. Aamerika, amene ankauluka masana ndipo anataya ndege 60 mwa 291 ku Schweinfurt pa 14 Okutobala 1943, anadzapeza ndege yoperekeza ya Mustang n'kuthyola msana wa asilikali a m'mlengalenga a Germany. Chimene chinapundula dzikolo kwenikweni chinali kuphwanya malo oyengera mafuta ndi njanji mu 1944. Pofika nthawiyo Bomber Command inali itaphunzira kulasa molunjika, koma Harris ankakokana ndi bwana wake, Charles Portal, pofuna kupitiriza ndi mizinda. Apa ndi pamene ine ndimaona kuti chifukwa cha mdima chija chinali chitatha ntchito, koma chizolowezi chinapitirira.

Dresden inapsa pa 13 Febuluwale 1945, itadzaza anthu othawa asilikali a Russia. Goebbels, nduna ya Hitler yofalitsa nkhani, anakuza chiwerengero cha akufa kufika pa mazana a zikwi, ndipo ena amachibwerezabe, koma akatswiri a mbiri amene mzindawo unasankha anapeza mu 2010 kuti sanapose 25,000. Patapita masiku 10, tauni ya Pforzheim inataya anthu oposa 17,000 m'mphindi 22. Amene ankatsogolera usiku umenewo anali Edwin Swales wa ku Inanda, kufupi ndi Durban. Ndege yake italasidwa, anaigwira molimba mpaka anzake onse atalumpha, iye n'kufa nayo, ndipo anapatsidwa mendulo yapamwamba koposa ya Victoria Cross. Kulimba mtima kumeneko ndi maliro a Pforzheim ndi za usiku umodzi, ndipo palibe njira yochotsera chimodzi n'kutsala ndi chinzake.

Pa 28 Malichi 1945 Churchill, amene mu Januwale chaka chomwecho ankafulumizitsa zoti mizinda ya kum'mawa kwa Germany imenyedwe, analemba kalata yokayikira kuphwanya mizinda pongofuna kuopseza. Akuluakulu a ndege anakwiya, ndipo anailembanso mofewetsa, koma kusamba m'manja kunali kutayamba. Kuyambira kumapeto kwa Epulo mpaka kumayambiriro kwa Meyi, ndege za Lancaster zomwezo zinauluka chapansipansi masana kukaponya matani oposa 6,000 a chakudya kwa anthu a ku Netherlands amene ankafa ndi njala, ndipo ambiri mwa anyamatawo anati ulendo umenewo ndi umene ankaukumbukira mosangalala. Koma m'mawu ake a chipambano a pa 13 Meyi, Churchill sanayamike ntchito ya Bomber Command. Pa milandu ya ku Nuremberg, yoweruza atsogoleri a Germany nkhondo itatha, palibe Mjeremani anaweruzidwa chifukwa chophwanya mizinda ndi ndege, pakuti oweruzawo akanadziloza okha. Lamulo la mayiko loletsa momveka bwino kutenga mzinda wonse ngati chandamale chimodzi linadzabwera mu 1977.

Harris anapita ku South Africa kukayendetsa kampani ya sitima zapamadzi mpaka 1953. Chiboliboli chake chitaimikidwa ku London mu 1992, anthu anakuwiza mwambowo ndipo pambuyo pake anachithira penti yofiira. Anyamata aja anakalamba ambiri ali chete, ena osauza ngakhale ana awo zimene ankachita. Chipilala chowakumbukira chinatsegulidwa ku Green Park, mu London, pa 28 Juni 2012, patapita zaka 67, ndi ndalama zosonkha anthu, ndipo pakhoma pake analembapo mawu okumbukiranso anthu a mitundu yonse amene anafa ndi mabomba m'zaka zimenezo. Mendulo yawoyawo sanapatsidwe. Mu 2013 boma linatulutsa kachitsulo kakang'ono komata pa riboni ya mendulo ina, ndipo makalata ambiri okapempha analembedwa ndi amasiye, ana ndi adzukulu.